Amene Anatseka Mabokosi a Mbalame

Achimwene anga a Gáspár anali kalipentala. Atapuma pa ntchito manja awo anakana kukhala chabe, ndiye anthu a bungwe losamalira mbalame atabwera m'mudzi mwathu kudzafuna anthu odzipereka, iwo anali oyamba kukweza mkono. Ine sindinakweze, koma galimoto inali yanga ndipo iwo sankadziwa kuyendetsa. Umu ndi mmene ndinaloweramo.

Nthawi imeneyo n'kuti mwamuna wanga atamwalira, ine nditabwerera m'nyumba ya makolo athu momwe achimwene ankakhala okha. Sanakwatirepo. Ankati mkazi mmodzi wolongolola, kunena ine, anawakwanira kuyambira ali mnyamata.

Mbalame zake ndi zomwe kuno timazitcha szalakóta, zija zabuluu kumutu ndi pachifuwa, msana wofiirira ngati njerwa. Zimaikira mazira m'mphako, koma kuno kuchigwa mitengo yakale ya mphako inatha kudulidwa, choncho timazipachikira mabokosi m'mitengo ndi m'mapolo m'mbali mwa mabusa. Mabokosi athu onse anakhoma okha achimwene. Kuyambira mu Meyi mpaka ana atauluka, kamodzi pa sabata tinkamanga makwerero pamwamba pa galimoto n'kuzungulira. Iwo ankakwera, ine ndinkagwira makwerero. Ankatsegula chivindikiro pang'onopang'ono, n'kusuzumira, n'kundiuza chapansipansi ngati m'nyumba muli wodwala: mazira, kapena aswa, kapena amera nthenga. Madzulo ndinkaimbira foni Boglárka, mtsikana wa ku bungwe uja, kumuuza zomwe taona.

Chilimwe chikatha, mbalamezo zitanyamuka ulendo wa ku Africa, tinkasesa m'mabokosi n'kukhomera kathabwa pa chibowo chilichonse. Tikapanda kutero, mbalame zakuda zija zoyenda m'chigulu zinkalowamo chisanu chikangotha, eni ake n'kudzapeza nyumba zili ndi alendo. Timatabwato tinkatichotsa eni ake akayandikira kufika, n'kutisunga m'thumba, mu shedi ya achimwene, kanyumba kawo kosungiramo zipangizo.

Mabokosi oyandikira kwathu anali m'mbali mwa busa la a Vendel, mbusa wa nkhosa amene anakulira limodzi ndi achimwene. Akangomva galimoto ankasiya nkhosa m'manja mwa galu n'kubwera.

"Eee, azamba a mbalame aja afika! Gáspár, lero abadwa angati? Tiphe nkhosa?"

"Iwe taima uko, mphepo ikuchokera kwa iwe. Sindikudziwa wonunkha ndani, iwe kapena nkhosa zakozo."

"Ilka, gwiritsa makwererowo. Mdalayu akagwa manda akumba ndani? Ine msana unapita kale."

"Ndiyamba ndakwirira iwe, ndiye ndife bwino."

Akatero ankakhala pansi pa mtengo n'kudya buledi ndi nyama ya nkhumba yamafuta ndi anyezi, a Vendel n'kutulutsa kabotolo ka kachasu wa zipatso. Zinkatero chaka ndi chaka.

Kuiwala kunayamba ndi tinthu ting'onoting'ono. Magalasi awo ndinawapeza mufiriji. Tsiku lina anandiitana ndi dzina la mayi athu, n'kuseka okha atazindikira. Tsiku linanso anaima pakati pa msewu wa kusitolo, msewu umene anauyenda moyo wawo wonse, osadziwa kolowera. Ndinapita nawo kwa dokotala. Dokotala anatchula dzina la matendawo, nandiuza pambali kuti sabwerera m'mbuyo. Achimwene anati dokotalayo ndi mwana, ndevu zake n'zobwereka. Koma pa makwerero anali munthu yemwe uja. Bokosi lililonse ankalidziwa, ngakhale mbalame yaukali imene inkawajompha chipewa ankaikumbukira. Ine ndinati bola ntchito imeneyi isawachoke, mwina ndi imene ikuwagwira.

Chaka chimenecho mbalame zinabwera zambiri. Pofika kumapeto kwa Juni, mabokosi onse a ku busa la a Vendel anali ndi ana, ena akadali osamera nthenga. Dzuwa linali loswa mtengo, udzu wonse utauma. Sabata imeneyo ndinaitanidwa kuchipatala cha m'tauni kukachotsa ng'ala m'diso, ndipo ndinayenera kugona kwa mwana wanga masiku awiri. Ndinapempha mayi Terka a nyumba yoyandikana ndi yathu kuti aziwapititsira chakudya ndi kuwasuzumira.

Nditabwerako ndinawapeza ali bwinobwino, atameta ndevu, akuthirira tsabola kuseri kwa nyumba. Mayi Terka anati sanavute, kungoti dzulo lake m'mawa anatuluka ndi njinga n'kubwerako masana atatopa. M'mawa mwake linali tsiku lathu lozungulira. Diso langa linali lisanaloledwe kuyendetsa galimoto, koma misewu ya m'mabusa ilibe anthu, ndiye tinanyamuka pang'onopang'ono.

Tisanafike pa bokosi loyamba achimwene anati, "Taima. Pali china chake."

Mbalame ziwiri zinali pa waya, imodzi ili ndi chiwala kukamwa. Inauluka kupita pa bokosi, n'kukupiza mapiko patsogolo pake, n'kubwerera pa waya. Inapitanso, n'kubwereranso. Inzakeyo inkangolira mosasa mawu. Titayandikira tinaona kuti pa chibowo panali kathabwa.

Sindinawaonepo achimwene akukwera makwerero mofulumira chotero. Anazula kathabwako ndi hamala, natsegula chivindikiro. Fungo linandipeza ndili pansi. Ali pamwamba pomwepo anavula chipewa n'kuyamba kuikamo tiana takufa kamodzikamodzi.

"Tiye," anatero atatsika. "Yendetsa, Ilka, yendetsa!"

Bokosi lachiwiri linali lotseka. Lachitatu chimodzimodzi. M'bokosi lina munatsekeredwa ndi mayi wa tianato yemwe, ndipo tinamupeza atafa, mapiko atatambasulira pa ana ake. Lomaliza la mzerewo linali pamthunzi, pa mtengo wa masamba ambiri, ndipo mmenemo tiana tiwiri tinali tikupumabe, kukamwa kuli yasa. Achimwene ananyowetsa chala ndi madzi a m'botolo n'kudonthezera m'mbali mwa milomo yawo. Tinabwerera patali n'kudikira. Patapita nthawi kholo limodzi linatera pa chibowo, linasuzumira, n'kulowa.

Mabokosi akutali, titawayendera pambuyo pake, tinawapeza ali bwinobwino. Otsekedwa anali a ku busa la a Vendel okha.

Achimwene anakumba kadzenje ndi hamala yomweyo m'munsi mwa mtengo. Akukumba choncho a Vendel anatulukira ndi galu wawo, akumwetulira monga mwa masiku onse.

"Azamba, lero mwasanduka adzukulu okumba manda? Kwagwanji?"

Achimwene anaimirira n'kuwaonetsa chipewa chija. Kumwetulira kwa a Vendel kunazima.

"Wina watseka mabokosi," anatero achimwene. "Wakhomera timatabwa ana ali momwemo, dzuwa lonseli. Kuno kumabwera ndani, Vendel? Kuno kulibe wodutsa. Kuli iwe ndi nkhosa zako basi. Unamuona ndani?"

A Vendel anayang'ana timatabwa tomwe ndinanyamula m'manja. Anayang'ana achimwene. "Koma Gáspár, dzana lija si..." Anaima pomwepo, maso awo n'kukumana ndi anga. Nanenso ndinayang'ana timatabwato bwinobwino, ndipo ndinatizindikira. Tinali ta m'thumba la mu shedi mwathu. Mawu a mayi Terka onena za njinga anandibwerera.

"Dzana lija chiyani?" anafunsa achimwene. "Yankhula!"

A Vendel anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ndine."

"Wati chiyani?"

"Ndati ndine. Ndinamwa. Zimandisokosa mbalame zakozi, tsiku lonse khwee khwee pamutu panga. Ndinati ndizitseke pakamwa pang'ono, ndinaiwala kutsegula."

"Timatabwa unatitenga kuti?"

"Mu shedi mwako. Sumakhoma loko."

Achimwene anawayang'ana nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti awamenya ndi hamala ija, ndipo ndinayandikira kuti ndiwagwire mkono. Koma anangoti, "Tinabatizidwa tsiku limodzi, iwe ndi ine. Amayi anga ankakupatsa chakudya m'mbale yanga." Analavula pansi pafupi ndi nsapato za a Vendel. "Usadzapondenso pakhomo panga. Ndikafa usadzabwere."

Anagwada n'kupitiriza kukumba. A Vendel anaitana galu wawo n'kubwerera ku nkhosa.

Madzulo, achimwene atagona tulo ta kutopa pa mpando, ndinapita kwa a Vendel. Ndinawapeza atakhala pa chitsa kunja kwa khola, osachita kanthu.

"Ndinamuona," anatero ndisanafunse. "Anabwera ndi njinga, makwerero ake ena aafupi atamangirira kumbali. Anavala chijasi chake chachisanu chija, dzuwa lili ng'aa. Ndinali patali ndi nkhosa, ndinakuwa kuti, 'Gáspár, upsa m'chijasimo!' Iye anati, 'Chisanu chafulumira chaka chino!' Ndinaseka, ndimati akuseleula. Hamala ndinaimva, koma ndimati akukonza zivindikiro. Ndikanangopita pafupi, Ilka. Panali pompaja."

"Nanga bwanji mwadzisenzetsa mlandu wosakhala wanu?"

"Umafuna nditani? Ndimuuze, ali ndi chipewa chija m'manja? Akanafera pomwepo. Ine khungu langa ndi lolimba. Akwiya sabata imodzi, kenako aiwala. Si amaiwala zonse masiku ano?"

Koma sanaiwale. Matendawo anawalanda zambiri m'miyezi yotsatira. Anaiwala kuyatsa mbaula, anaiwala mayina a adzukulu anga, masiku ena ankafunsa kuti bambo athu abwera nthawi yanji kuchokera kumunda. Koma za a Vendel zinakhala ngati zakhomeredwa. Ankauza aliyense, kusitolo, pakhomo la tchalitchi, ngakhale wobweretsa makalata: "Mukumudziwa Vendel? Anapha ana a mbalame zanga." Anthu ambiri m'mudzi anadziwa zoona zake, poti mayi Terka sasunga mawu, koma a Vendel anawapempha kuti asanene kanthu. Iwowo anasiya kubwera ku Misa ya m'mawa n'kuyamba kupita ku tchalitchi cha mudzi wina, kuopa kukumana ndi achimwene.

Boglárka ndinamuuza zoona tsiku lomwelo. Pa foni pomwepo anafunsa za achimwene asanafunse za mbalame. Sabata yotsatira anabwera n'kupempha kubwereka makwerero onse awiri, akunamizira kuti a ku bungwe athyoka, n'cholinga choti achimwene asakwerenso. Achimwene anamupatsa mokondwa, namulangiza kuti asamale popondera pachitatu, n'pogwedera. Makwererowo sanawaitanitsenso. Tiana tiwiri tija tinakula n'kuuluka, ndipo ndinapita nawo kukaona tili pa waya. Anasangalala, koma pobwerera anati, "Akanakhala ambiri, pakanapanda chigawenga chija."

Tsiku lina mu Novembala, kutazizira kale, ndinawasowa m'nyumba. Ndinakawapeza mu shedi atakhala pa benchi, thumba lija atalikhuthulira pansi. Timatabwa ta tsiku lija ndinali nditangotiponya momwemo, misomali yake ili pompo. Anagwira kamodzi pafupi ndi maso, akusisita nsonga ya msomali ndi chala.

"Ilka, tabwera."

Mawu awo anali a achimwene akale aja, omveka bwino, ndipo ndinachita mantha.

"Taona msomali uwu. Nsonga yake ndi yophwanya. Ndimayamba ndaigogoda ndi hamala kuti thabwa lisang'ambike. Uwunso. Uwunso." Anandiyang'ana. "Vendel sadziwa zimenezi. Vendel sangakhome msomali wowongoka ngakhale utamulonjeza ng'ombe."

Ndinayang'ana timatabwa tomwe tinali pansi.

"Ndinali ine, eti?"

"Achimwene, munkadwala. Simunadziwe. Munkaona ngati chisanu chafika."

"Ndakufunsa kuti ndinali ine?"

"Eya."

Anaika kathabwako pa benchi mosamala. Analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, ine nditawagwira mutu. Ankangoti, "Tiana tija tinali tikuitana amayi awo, ine ndikukhoma. Ndinatimva kapena sindinatimve?" Kenako anadzidzimuka n'kupukuta nkhope ndi mkono.

"Ndinamulavulira Vendel."

"Iwo sanakusungireni chakukhosi."

"Ndipatse nsapato. Tiye pompano. Mutu wangawu ndikuudziwa, uli ngati dengu lobooka. Tikachedwa zitayika."

Galimoto inali kwa makaniko sabata imeneyo, ndiye tinayenda pansi. Kwa a Vendel si kutali, ukangodutsa manda n'kutsata ngalande wafika. Achimwene ankayenda mofulumira kuposa ine, akubwereza mawu ngati mwana wotumidwa kusitolo: "Vendel, ndinali ine. Undikhululukire. Vendel, ndinali ine." Nanenso ndinkabwereza nawo kuti asawataye.

Pa mlatho wa ngalande tinakumana ndi thirakitala itakoka ngolo ya manyowa. Tinapatuka kuti idutse. Woyendetsayo, mwana wa mayi Terka, anaimitsa n'kupereka moni, nafunsa achimwene ngati angamukonzere chitseko cha nkhokwe. Iwo anayankha bwinobwino, anafunsa kuti ndi thabwa lanji, anaseka naye. Thirakitala itapita tinapitiriza, koma anali atasiya kubwereza kuja.

"Vendel, ndinali ine," ndinayambitsa.

Anandiyang'ana modabwa. "Unali iwe kutani?"

Tinali titafika kale pa geti. Galu anauwa, a Vendel n'kutuluka m'khola atanyamula ndowa. Atationa anaima.

Achimwene anayang'ana nyumbayo, anayang'ana a Vendel, nkhope yawo n'kuuma. "Wandibweretsa kudzatani kwa chigawenga ichi?"

"Achimwene, misomali ija. Kumbukirani, mu shedi muja. Mwanena nokha kuti tibwere."

"Misomali yanji? Ine kubwera kuno? Wapenga iwe?" Anakweza mawu. "Iwe Vendel! Ukugona tulo iwe? Sukuwamva akulira?"

Anatembenuka n'kuyamba kubwerera okha. Ndinayenera kuwatsatira, koma ndinathamangira kaye pa geti.

"A Vendel, anakumbukira. Lero m'mawa anazindikira okha kuti anali iwo. Analira. Amabwera kudzapepesa, njira yonseyi amanena dzina lanu. Zawathawa pa mlatho pompa."

A Vendel anaika ndowa pansi. "Ananena choncho? Ndi pakamwa pake?"

"Anati, 'Vendel, ndinali ine, undikhululukire.' Kambirimbiri."

Anagwira geti ndi manja onse awiri, akuyang'ana msana wa achimwene ukupita. "Ndiye bwino zamuthawa," anatero. "Asazinyamule usiku wonse. Pita, Ilka, mnzangayo alibe mpango. Azizidwa."

Tsiku ngati limenelo silinabwerenso. Chisanu chisanathe anayamba kutuluka osavala nsapato, ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kutentha nyumba. Ine ndekha sindikanathanso. Tinawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba m'tauni. Mabokosi anawatenga banja lina lachinyamata la m'mudzi momwemo. Ndinawayendetsa ulendo umodzi kuwaonetsa njira, ndipo sindinapitekonso.

Lamlungu lililonse ndinkakwera basi kukawaona, ndipo Lamlungu lachiwiri ndinapeza a Vendel pa siteji atavala jekete la ku maliro, atanyamula maapozi m'kathumba. Ndinawauza kuti akathamangitsidwa. Anati akudziwa. Anathamangitsidwadi, achimwene anawagenda ndi kapu. Sabata yotsatira anabweranso, n'kukhala panja pa benchi mpaka ine nditatuluka. Anachita zimenezi miyezi ingapo.

Kenako Lamlungu lina a Vendel anasuzumira pakhomo, achimwene n'kuwamwetulira.

"Lowani, bambo, lowani. Ilka, apatse mpando alendowa. Mwachokera kutali?"

"Ayi, pafupi pompa," anatero a Vendel.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaweta nkhosa."

"Ntchito yabwino imeneyo. Yofuna munthu woleza mtima."

A Vendel anakhala pansi, anatulutsa mpeni n'kusenda apozi, n'kumawapatsa kachidutswa kamodzikamodzi. Achimwene ankalandira ndi manja awiri, akuthokoza mwaulemu ulendo uliwonse. Potsanzikana anati, "Mudzabwerenso, bambo. Kuno anthu sabwerabwera."

M'basi pobwerera a Vendel anakhala kuwindo, kathumba kopanda kanthu kali pa maondo. Tinadutsa midzi iwiri. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Bola muja ankanditukwana."

Achimwene anakhala kumeneko chaka china ndi theka. A Vendel sanaphonye Lamlungu, kupatula nthawi yoswa nkhosa, ndipo mpaka tsiku lomaliza achimwene ankawatchula kuti bambo aja a maapozi.